Kuwerengera ana aang'ono mokweza m'kalasi: mafunso ndi mayankho

Palibe mphunzitsi amene amatsutsa zoti kuwerengera ana nkhani n'kwabwino. Komabe nthawi ikathina, ntchito imeneyi ndiyo imayamba kutayidwa. Imasungidwira Lachisanu masana, kapena tsiku limene mvula yalepheretsa masewera. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amatuluka kawirikawiri aphunzitsi a makalasi oyambirira, alangizi awo ndi makolo akakhala pansi kukambirana za nkhaniyi.

Kodi mwana amene sadziwa n'komwe zilembo angapindule chiyani pomvetsera aphunzitsi akuwerenga?

Amapindula kwambiri, chifukwa khutu limatsogola ndipo diso limabwera pambuyo. Mwana wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi amafika kusukulu akudziwa kale mawu zikwi zingapo, ndipo onsewo anawatola pomva. Pepala linali lisanamuphunzitse kanthu.

M'chaka cha 1986, akatswiri awiri, Philip Gough ndi William Tunmer, anafotokoza kuwerenga m'njira yosavuta imene ikugwiritsidwabe ntchito mpaka lero. Iwo anati kumvetsa zimene ukuwerenga kumachokera pa maluso awiri: lotha kutchula mawu olembedwa, ndi lomvetsa chilankhulo. Mfundo yawo yaikulu inali yakuti maluso awiriwa sawonkhetsedwa, amachulukitsidwa. Limodzi likakhala ziro, zotsatira zake ndi ziro basi, ngakhale linalo litakhala lalikulu motani.

Aliyense amene anaphunzitsapo kalasi yoyamba kapena yachiwiri anakumanapo ndi mwana wa mtundu uwu: amaphatikiza bwinobwino, ka-fa-da-la, kafadala, osadodoma ngakhale pang'ono. Mukamufunsa kuti kafadala n'chiyani, amangokuyang'anani kukamwa. Pakamwa pawerenga koma m'mutu simunalowe kanthu. M'zilankhulo zimene lembo lililonse limakhala ndi liwu lake losasinthasintha, vutoli limabisala kwa nthawi yaitali, chifukwa mwanayo amamveka ngati katswiri. Limadzaonekera patsogolo, mabuku akayamba kukamba za nthaka, magazi, maboma ndi nyenyezi. Kuwerengera ana mokweza kumadyetsa luso lachiwirili pamene loyambalo likadali kukwawa.

Silabasi ndi yodzaza kale. Kodi uku si kutaya nthawi yophunzira?

Funso limeneli limabwera chifukwa choti nthawi ya nkhani sisiya chilichonse m'kope. Woyendera sukulu akabwera sapeza chochonga, ndiye zimaoneka ngati ana amangocheza. Koma lipoti la bungwe loona za kuwerenga ku United States la m'chaka cha 1985, lotchedwa Becoming a Nation of Readers, linanena mosapita m'mbali kuti mwa ntchito zonse zomangira nzeru zimene mwana amafunika kuti adzawerenge bwino, kumuwerengera mokweza ndiko kofunika koposa. Linawonjezanso kuti ntchitoyi isamalekezere m'makalasi a ana aang'ono.

Taonani masamu ake. Mphindi 15 patsiku, kwa masiku 180 a sukulu, ndi maola 45 pachaka. Amenewa ndi maola 45 omva ziganizo zomangidwa bwino, mawu achilendo ndi nkhani zokhala ndi mutu ndi mchira. Ndi phunziro liti lina limene lingapereke zochuluka chotere popanda kugula chilichonse kupatula buku limodzi?

M'chaka cha 2022, World Bank pamodzi ndi mabungwe ena monga UNESCO ndi UNICEF anayerekeza kuti ana 70 mwa ana 100 aliwonse a zaka 10 m'mayiko osauka ndi a chuma chapakatikati sangathe kuwerenga kankhani kafupi n'kukamvetsa. Ambiri mwa ana amenewa ali pasukulu ndipo silabasi ikumalizidwa chaka ndi chaka. Ndiye kumaliza silabasi pakokha sikungakhale chifukwa chokanira china chilichonse.

Ana amamva anthu akulankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mawu a m'buku akusiyana bwanji ndi amenewo?

Tikamalankhulana pamaso, manja ndi nkhope zimatigwirira theka la ntchito. "Tenga icho, ika apo, iwe bwera kuno." Palibe dzina la chinthu limene latchulidwa koma aliyense wamva. Buku lilibe chala cholozera. Liyenera kunena kuti chinthucho n'chiyani, chili pati, wachitenga ndani ndipo wachitengeranji. N'chifukwa chake m'buku mumapezeka mawu ngati "ngakhale kuti", "pokhapokha", "zitatero", "patapita nthawi", amene amamanga ganizo lina pa linzake. Mwana amene makutu ake anazolowera kamangidwe kotere sadzadabwa nako akadzakumana nako yekha patsamba.

Donald Hayes ndi Margaret Ahrens anawerengetsa zimenezi m'Chingerezi m'chaka cha 1988. Anapeza kuti m'mabuku a ana muli mawu osapezekapezeka pafupifupi 31 pa mawu 1,000 aliwonse, pamene m'macheza a anthu akuluakulu amene anafika kukoleji munali pafupifupi 17 okha. Ndiye kuti kabuku ka zithunzi kamene timakapeputsa kali ndi chuma cha mawu choposa macheza a anthu ophunzira. N'zodabwitsa poyamba, koma taganizirani: ndi liti pamene munagwiritsa ntchito mawu oti "kunyogodola", "chizimezime" kapena "kunjenjemera" pocheza ndi mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi? Nthano imatha kuwatulutsa onse atatu pa tsamba limodzi.

Ndiye kodi ndikamawawerengera tsiku ndi tsiku adzadziwa okha kuwerenga?

Ayi, ndipo apa m'pamene okonda mabuku ena amasocheretsa anzawo. Alipo ana ochepa amene amatola okha zilembo pongoyang'anitsitsa, koma ambiri amafunika kuphunzitsidwa mwadongosolo: liwu la lembo lililonse, maphatikizo, kenako mawu. Gulu la akatswiri lotchedwa National Reading Panel, m'lipoti lake la m'chaka cha 2000, linatchula mizati isanu ya kuwerenga: kuzindikira maliwu a m'mawu, kulumikiza maliwuwo ndi zilembo, kuwerenga mosadodoma, kudziwa mawu ambiri, ndi kumvetsa nkhani. Kuwerengera ana mokweza kumagwira mwamphamvu mizati iwiri yomalizayi, kumaperekanso chitsanzo cha wachitatu. Iwiri yoyambayo ili ndi nthawi yakeyake pabolodi.

Ofufuza a ku Canada, Mary Ann Evans ndi Jean Saint-Aubin, anagwiritsapo ntchito makina otsata kumene diso likuyang'ana, ndipo m'chaka cha 2005 anasonyeza kuti ana aang'ono akamawerengeredwa buku amangoti maso dwii pa zithunzi, zilembo saziyang'ana kwenikweni. Choncho ngati mukufuna kuti aone zolembedwazo, alozereni nokha mwa apo ndi apo: "Mutu wa nkhani uli apa. Tikuyambira kumanzere uku. Lembo ili likupezekanso m'dzina la ndani m'kalasi muno?" Kawiri kapena katatu pa buku n'kokwanira.

Ndiwerenge bwanji kuti ana atsatire?

Choyamba, liwerengeni nokha bukulo musanalowe nalo m'kalasi, ndipo liwerengeni motulutsa mawu. Ambiri amalumpha sitepe imeneyi poganiza kuti buku la ana silingawavute. Kenako amapunthwa pa dzina la mtengambali, amaseka pamalo pachisoni, kapena amazindikira ali pakati kuti nkhaniyo si yoyenera msinkhu umenewo. Powerenga nokhapo muone pamene nkhani ikukhota, pamene mudzaime, ndi mawu awiri kapena atatu amene mudzafotokoze.

M'kalasi, yambani ndi chikuto. Ana anene zimene akuona ndipo alosere kuti nkhaniyo ikamba za chiyani. Musawauze ngati alondola kapena ayi, nkhaniyo iwayankhe yokha.

Kenako werengani mofatsa kuposa mmene mukuganizira. Wamkulu akagwira buku amathamanga osadziwa, chifukwa iye nkhaniyo akuiona patsamba, pamene mwana akuyenera kuijambula m'mutu. Pumirani pa mpumiro, kwezani mawu pa mfunsiro, ndipo pamalo poopsa tsitsani mawu mpaka anong'one. Kalasi yaphokoso imakhala chete msanga ndi kunong'ona kusiyana ndi kukuwa. Simukufunika kukhala wazisudzo. Kungosintha mawu pang'ono pakati pa chilombo ndi kamwana kamene kakuchithawa n'kokwanira kuti ana adziwe amene akulankhula. Ena amachita manyazi ndi zimenezi, makamaka mphunzitsi mnzawo akamadutsa pawindo. Manyaziwo amatha pakatha sabata imodzi, ndipo ana sakhala ndi nthawi yokusekani chifukwa mtima wawo uli pa kamwana kaja.

Za mafunso, pali njira imene Grover Whitehurst ndi anzake anaiyesa m'chaka cha 1988, yowerenga mokambirana. Wamkulu amafunsa funso, amamvetsera yankho, amalikulitsa pang'ono, kenako amapempha mwana kuti alibwereze. Mwana akati "galu akuthawa", inu mumati "eya, galu akuthawa chifukwa wamva kugunda kwa mvula, tanena tonse." Ana amene anawerengeredwa motere anakula msanga pa kalankhulidwe kuposa anzawo amene ankangomvetsera. Koma njirayi inayambira pa kholo ndi mwana mmodzi, ndipo m'kalasi imafuna nzeru. Mukamaima pa chiganizo chilichonse, nkhani imaduka msana. Ana amaiwala kumene inachokera ndipo kukoma konse kumatha. Ulendo woyamba imani malo atatu kapena anayi okha. Mafunso ambiri asungireni ulendo wachiwiri.

Mtundu wa funso nawonso ndi nkhani. "Malaya ake ndi a mtundu wanji?" ndi funso limene chithunzi chimayankha chokha. "N'chifukwa chiyani sanauze amayi ake?" ndi funso limene limatuma mwana kubwerera m'nkhani kukafufuza. Lachiwirili ndilo limaphunzitsa kuganiza, ngakhale kuti mayankho ake amachedwa kubwera. Dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikafika pa mawu ovuta, ndiime kapena ndingopitirira? Kapena ndiwasinthe ndi osavuta?

Musawasinthe, chifukwa mawu amenewo ndi amene mwadzera. Afotokozeni mwachidule osachoka m'nkhani: "Anayenda monyang'wa, ndiye kuti modzikuza, chonchi," n'kuonetsa ndi mapewa, basi n'kupitirira. Warwick Elley anayesa zimenezi ndi ana a zaka 7 ndi 8 ku New Zealand, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 1989. Ana amene anangomva nkhani katatu popanda kufotokozeredwa anatolabe mawu atsopano, pafupifupi 15 pa 100. Pamene mphunzitsi ankafotokozako mwachidule, chiwerengerocho chinafika pafupifupi 40 pa 100, ndipo patapita miyezi anawo ankawakumbukirabe.

Sankhani mawu amene mwana adzakumane nawonso m'nkhani zina ndi m'maphunziro ena, monga "kukayikira", "kuyerekeza", "mwadzidzidzi". Dzina la chida chachilendo chimene changotchulidwa kamodzi lingathe kudutsa ndi mawu awiri okha. Ndipo mawu amene mwasankhawo muwatulutsenso masana omwewo pa zinthu zina: "Ndani walowa mwadzidzidzi?"

Ana akungofuna nkhani yomweyomweyo. Kodi ndiwakanize?

Musawakanize. Amene watopa nayo ndi inu, iwo ayi. Ulendo woyamba mwana amakhala akuthamangitsa zochitika, kufuna kudziwa mathero. Ulendo wachiwiri ndi wachitatu mtima wakhala pansi, ndipo m'pamene amamva mawu enieniwo. Jessica Horst ndi anzake a ku yunivesite ya Sussex anasonyeza m'chaka cha 2011 kuti ana a zaka zitatu amene anamva nkhani imodzi mobwereza anasunga mawu atsopano bwino kuposa amene anamva mawu omwewo, kuchuluka kofanana, koma m'nkhani zosiyanasiyana. Buku limodzi likhoza kukutengerani sabata yathunthu: Lolemba kumvetsera, Lachiwiri kukambirana, Lachitatu ana kumalizitsa ziganizo zimene mwasiyira panjira, Lachinayi kuchita sewero, Lachisanu kufotokoza okha.

Ndili ndi ana ochuluka kwambiri ndipo buku ndi limodzi. Zingatheke?

Mwa ntchito zonse za kuwerenga, iyi ndiyo imapirira kuchuluka kwa ana, chifukwa liwu limodzi limafika m'makutu ambiri nthawi imodzi. Chovuta ndi zithunzi. Werengani tsamba kaye buku likuyang'ana kwa inu, kenako litembenuzeni n'kuliyendetsa pang'onopang'ono kuchokera mbali ina kufika ina. Ana akadziwa kuti chithunzi chifika ndithu kwa aliyense, amasiya kuimirira ndi kukankhana. Asendezeni pafupi, ndipo amene amakhala kumbuyo lero mawa akhale kutsogolo. Mwana amene mukumukayikira kuti samva bwino kapena saona bwino akhale pafupi nanu masiku onse.

Pa mafunso, m'malo moloza mmodzi pamene ena onse akungodikira, nenani kuti aliyense auze mnzake woyandikana naye zimene akuganiza. Kwa theka la mphindi kalasi imachita phokoso, koma ndi phokoso la ana onse akulankhula za buku. Gwirizanani chizindikiro chobwezera bata musanayambe.

Ngati mabuku palibiretu, lembani nkhani yanu papepala lalikulu ndi zilembo zooneka patali. Nkhani imene ana akufotokozerani okha inu n'kumalemba imagwiranso ntchito, ndipo amaikonda chifukwa ndi yawo.

Ndiwerenge m'chilankhulo chiti, cha kunyumba kapena chimene adzalembere mayeso patsogolo?

Yambani ndi chimene ana amalota nacho. UNESCO inanena kale m'chaka cha 1953 kuti mwana amaphunzira bwino m'chilankhulo chake. Luso lotsata nkhani, lolosera ndi lofunsa chifukwa likamera m'chilankhulo choyamba, silifunika kudzalidwanso m'chachiwiri, limangosamuka.

Izi sizikutanthauza kuti chilankhulo chachiwiri chidikire. Nkhani ndi khomo labwino lolowera m'chilankhulo chachilendo, kuposa kuloweza mndandanda wa mawu. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Elley yemwe uja pamodzi ndi Francis Mangubhai anapereka mabuku a nkhani pafupifupi 250 ku kalasi iliyonse m'sukulu zina zakumidzi ku Fiji, kumene ana ankaphunzira Chingerezi ngati chilankhulo chachiwiri. Ana a m'makalasi amenewo anapita patsogolo pa kuwerenga ndi kumvetsera kuposa anzawo amene ankangotsata maphunziro obwerezabwereza ziganizo. Mukamawerenga m'chilankhulo chachiwiri, sankhani buku la zithunzi zomveka ndi ziganizo zobwerezedwa, ndipo fotokozani kaye mutu wa nkhaniyo m'chilankhulo cha anawo musanayambe. Kumasulira chiganizo chilichonse kumawaphunzitsa kudikira kumasulirako osamvetsera zinazo.

Buku labwino ndi lotani?

Ndi limene inunso likukusangalatsani. Ana amanunkhiza msanga mphunzitsi amene akuwerenga mokakamizika. Likhale lokwererapo pang'ono kuposa zimene angawerenge okha, poti ntchito yotchula mawu mwaisenza ndinu. Timabuku tophunzitsira maphatikizo, ta "Ona atate. Atate aona ana," tili ndi ntchito yake, koma si ta nthawi ino.

Katswiri wa mabuku a ana, Rudine Sims Bishop, analemba m'chaka cha 1990 kuti mabuku amakhala ngati kalilole komanso ngati windo: ena amamuonetsa mwana moyo wake womwe, ena amamuonetsa moyo wa anthu ena. Mwana amafunika zonse ziwiri. Musaiwalenso mabuku a zinthu zenizeni, onena za nyerere, mapiri ophulika, mwezi kapena mmene ndege imaulukira. Alipo ana amene nthano siziwakoka koma amatha kukhala duu kumvetsera za mano a ng'ona. Ndakatulo ndi nyimbo nazo zimanola khutu kuti lizimva maliwu ofanana.

Chenjezo limodzi: nkhani zambiri zolembedwera sukulu zimathamangira kuphunzitsa khalidwe mpaka kuiwala kukhala nkhani. Mwana wosamvera wagwa m'dzenje pa tsamba lachiwiri, walapa pa tsamba lachitatu, yatha. Ana amadziwa mathero ake asanamve chiyambi.

Nanga mwana amene sakhazikika?

Yambani ndi mphindi zisanu n'kumawonjezera. Kumvetsera ndi luso limene limakula ndi kuzolowera. Wina amamva bwino manja ake akugwira kanthu, ndipo mukamufunsa mupeza kuti watsata zonse. Wovutitsitsayo mupatseni udindo wotembenuza masamba. Koma musalande mwana nthawi ya nkhani ngati chilango, chifukwa kawirikawiri amene amalangidwa choncho ndi yemwe akuifuna kwambiri.

Kodi kuuza ana kuti aziwerenga mokweza mosinthanasinthana si chimodzimodzi?

Si chimodzimodzi. Ana akamawerenga motsatana mzere ndi mzere, aliyense amakhala akuwerengetsa ndime kuti apeze yake, osamva za mnzake. Wodziwa amatopa, wovutika amachita mantha, ndipo chitsanzo chimene kalasi ikumva ndi cha kuwerenga kododoma. Ana ayenera kuyeserera kuwerenga motulutsa mawu, koma awiriawiri, kapena onse pamodzi pambuyo panu, kapena pa ndime imene akonzekera.

Kodi wailesi, foni kapena kompyuta sizingagwire ntchitoyi m'malo mwanga?

Zingathandize, makamaka pa chilankhulo chimene inu simuchitchula bwino. Koma makina saona kuti nkhope zakwinyika pa mawu ena, ndipo sabwerera m'mbuyo mwana akafunsa kuti "ndiye amayi ake anapita kuti?" Mukazigwiritsa ntchito, khalani pomwepo chala chili pa batani loimitsira.

Ndisiye liti? Akadziwa kuwerenga okha?

Apa m'pamene ambiri amasiyira, ndipo n'kulakwitsa. Kafukufuku amene Thomas Sticht ndi anzake anasonkhanitsa anasonyeza kuti ana ambiri amamvetsa bwino zomva kuposa zowerenga okha mpaka cha m'ma zaka 12 kapena 13. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu amene akulimbana ndi kabuku ka masamba khumi angathe kutsata buku la mitu makumi awiri likamawerengedwa mutu umodzi patsiku.

Palinso chifukwa china. Keith Stanovich, m'chaka cha 1986, anabwereka mawu a pa Mateyu 25:29, akuti amene ali nazo adzapatsidwa zina, pofotokoza zimene zimachitika m'kalasi. Wodziwa kuwerenga amawerenga zambiri, n'kudziwa mawu ambiri, n'kumawerenga mosavuta kuposa kale. Wovutika amalithawa buku, ndipo mpata pakati pa awiriwa umakula chaka ndi chaka. Nthawi imene mphunzitsi akuwerenga mokweza ndiyo nthawi imene onse awiri amalandira mawu ofanana ndi nkhani yofanana, ndipo wovutika uja amatha kupereka yankho lanzeru kuposa onse.

Tisaiwalenso kuti kumva buku si chinthu cha ana okha. Kale kuwerenga motulutsa mawu kunali kofala kwambiri, moti Augustine, wolemba mabuku wachikhristu wakale, anaganiza kuti n'zoyenera kulemba zimene anaona ali mumzinda wa Milan m'zaka za m'ma 380, zoti bishopu Ambrose ankawerenga maso okha akuyenda patsamba, lilime lili chete.

Ndidziwa bwanji kuti zikuthandiza, poti palibe cholemba?

Musasandutse nkhani iliyonse kukhala mayeso. Ana akadziwa kuti kumapeto kuli mafunso khumi ochongedwa, amayamba kumvetsera ngati osaka mayankho. Njira yosavuta ndi kuitana mwana mmodzi kapena awiri patsiku kuti akufotokozereni nkhaniyo m'mawu awoawo. Kumayambiriro kwa chaka mudzamva zidutswa: "Kunali galu. Ndiye anathawa. Ndiye basi." Lembani zimenezo m'kope lanu ndi tsiku lake. Pakatha miyezi itatu mufunseninso mwana yemweyo za nkhani ina, ndipo mvetserani ngati mwayamba kulowa "chifukwa", "koma" ndi "pambuyo pake", ngati akutchula amene anachita chinthu m'malo mongoti "ujeni", ndiponso ngati akudziwa pothera.

Zizindikiro zina zimabwera zokha. Mawu amene munafotokoza sabata yatha mudzawamva pabwalo la masewera, mwina atagwiritsidwa ntchito mokhota pang'ono. Wina adzakutsutsani kuti mwalumpha tsamba. Ndipo tsiku lina pa nthawi yopuma mudzapeza mwana amene sanadziwebe zilembo zonse atakhala pampando wanu, buku lili m'manja, akulitembenuzira kwa anzake atatu kuchokera mbali ina kufika ina, akutsitsa mawu pamalo pomwe inu mumatsitsa.